Heniya, kamera ndi manja a dokotala

Amalume anga akhala akupalasa Sacramento, njinga ya kabaza ya ku Mzuzu, pakati pa Chibavi ndi m'tauni kwa zaka zambiri. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anabwera kunyumba ali ndi nkhawa. Chotupa cha m'mphechepeche, chomwe chinkatuluka akatsokomola n'kubwerera akagona chagada, chinali chitayamba kuwasautsa pokwera mtunda ndi kasitomala kumbuyo. Kuchipatala anawauza kuti ndi heniya ndipo pakufunika opaleshoni. Mwana wawo wa ku Joni anali atawaimbira kale kuti asalole kung'ambidwa, iye atumiza ndalama kuti akachitidwe ya kamera, ija ena amaitchula kuti ya leza ngakhale mulibe leza m'menemo.

"Ndiye iwe mphwanga, poti umawerenga, yabwino ndi iti?"

Ndinawayankha ndi funso, ndipo sanakondwere nalo: "Amalume, adzakuchiteni ndani, ndipo iyeyo wachitapo kangati?" Iwo ankafuna dzina la njira. Koma pa opaleshoni ya kamera ya heniya, zimene ofufuza apeza m'zaka zoposa 20 zapitazi zikuonetsa kuti munthu wogwira zidayo amasintha zotsatira kwambiri kuposa mmene ambirife timaganizira.

Tiyambe ndi chotupacho. Khoma la mimba ndi minofu yosanjikizana, ndipo m'munsi mwake mbali zonse ziwiri muli kanjira. Mwana wamwamuna asanabadwe, mavalo ake amayambira m'kati mwa mimba n'kutsika kudzera m'kanjira kameneka, motero malowo amakhala ofooka moyo wonse. Akatseguka, matumbo kapena mafuta a m'mimba amasuzumira panja atakutidwa ndi kathumba ka nembanemba. Kwathu kuno chotupa chilichonse cha kumeneko timangoti mwera kapena phudzi, koma achipatala amasiyanitsa: china ndi madzi odzaza m'thumba la mavalo, china ndi matumbo otuluka pabowo. Tikunena pano ndi chachiwirichi. Ziwerengero za ku England zinaonetsa kuti pa amuna 100 alionse, pafupifupi 27 amachitidwa opaleshoni imeneyi pa moyo wawo, pamene akazi ndi atatu okha pa 100. Padziko lonse maopaleshoni otere amaposa 20 miliyoni pachaka. Palibe piritsi, jakisoni kapena mphini zotseka bowolo.

Njira yong'amba ndi imene zipatala zambiri zimaidziwa. Dokotala amacheka pamwamba pa chotupacho kutalika ngati chala, n'kubweza zotulukazo m'kati, kenako n'kutseka. Kale ankangosoka minofu mokoka, monga anaphunzitsira Edoardo Bassini wa ku Italy m'zaka za m'ma 1880. M'zaka za m'ma 1980 Irving Lichtenstein ndi anzake ku Los Angeles anafalitsa njira yoika meshi, kaukonde ka pulasitiki yapadera kamene thupi limakakuta ndi minofu yatsopano, m'malo mokoka minofu yofooka kale. Njira imeneyi imatheka ndi jakisoni wa pamsana, ngakhalenso wa dzanzi pamalo pomwepo, munthu ali maso.

Ya kamera inafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Wodwala amagonetsedwa tulo tofa nato. Dokotala amaboola timabowo titatu, kamodzi pamchombo ka sentimita imodzi kapena kuposa pang'ono, tiwiri ta theka la sentimita. Amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti papezeke malo, n'kulowetsa kamera ndi zida ziwiri zazitali ngati ndodo. Meshi amaiyala kuseri kwa khoma la mimba. Wokonza matayala angamve msanga: chigamba cha kunja ndi chigamba cha m'kati, ndipo cha m'kati mphamvu ya mpweya imachikanikiza pamalo pake m'malo mochikankhira kutali. Pali mitundu iwiri. Mu TAPP dokotala amalowa m'mimba mwenimweni, n'kucheka nembanemba, kuyala meshi, n'kutsekanso. Mu TEP salowa m'mimba, amadzitsegulira kampata pakati pa minofu ndi nembanembayo n'kugwira ntchito m'malo opanikizika ngati m'thumba la malaya.

Ubwino wake ndi weniweni, tisaukane. Ululu wa masiku oyamba umachepa, munthu amadzuka msanga, bala silitukusira kawirikawiri, ndipo ululu wokhalitsa wa m'mphechepeche, womwe umavutitsa pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse ochitidwa opaleshoni ya heniya, umachepako ikachitidwa bwino. Mawu oti "ikachitidwa bwino" ndi amene asenza nkhani yonseyi.

Chovuta choyamba n'chakuti dokotala amaona malowo chakumbuyo. Munthu amene wang'amba heniya mazanamazana amadziwa mphechepeche kuchokera kutsogolo: khungu, mafuta, mnofu uwu, mtsempha uwo. Akalowa ndi kamera zonse zimatembenuka. Zili ngati munthu amene wakhala akulowa m'nyumba pakhomo zaka 20, lero mwamulowetsera padenga usiku n'kumuuza kuti apeze pamene pali mtsuko. Nyumba ndi yomweyo, koma maso ake ayenera kuiphunziranso.

Chachiwiri ndi manja. Zida zija zimapendekera pakabowo, choncho dzanja likapita kumanja, nsonga m'kati imapita kumanzere. Dzanja likatsika, nsonga imakwera. Chithunzi cha pa sikirini n'chafulati, nthawi zambiri sichionetsa kuya, ndipo chala sichikhudza kanthu. Pong'amba, dokotala amatha kupapasa mtsempha n'kumva kugunda kwake. Apa ayenera kuuzindikira ndi maso okha, mwina utabisika m'mafuta.

Ndipo kuseriko kuli zinthu zosafunika kuzigunda. Madokotala okha anazipatsa mayina oopsa. Pali kadera kamene amakatcha triangle of doom, pakati pa kanjira ka umuna ndi mitsempha yopita kumavalo, pomwe pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita kumwendo. Pambali pake pali triangle of pain, modutsa mitsempha yomvera ululu ya pantchafu. Dokotala akakhoma kachitsulo komangira meshi pamenepo, wodwala angakhale ndi moto pantchafu kwa miyezi kapena zaka. Pafupa la chinena anthu ena ali ndi kamtsempha kokhota kotchedwa corona mortis, mawu a Chilatini otanthauza chisoti cha imfa, chifukwa kakaduka kamataya magazi movuta kuletsa. Chikhodzodzo chili pomwepo. Mu TAPP matumbo nawonso ali pafupi. Kuvulala kwa ziwalo zimenezi sikuchitikachitika, koma kukachitika n'koopsa kuposa mavuto a njira yong'amba, ndipo kumakonda kuchitika dokotala akadali pa maopaleshoni ake oyambirira.

Koma chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi cholakwa chosaoneka tsiku la opaleshoni. Kuseri kwa mphechepeche kulibe bowo limodzi. Pali dera lonse lofooka, limene dokotala wa ku France Henri Fruchaud analifotokoza mu 1956, ndipo heniya ingatulukire pamalo atatu osiyana m'dera limeneli. Meshi iyenera kuphimba onse atatu n'kupitirira m'mbali, n'chifukwa chake imafunika kukhala yosachepera masentimita 10 kwa 15. Kuti meshi yotero igone mosakwinyika, dokotala ayenera kusenda nembanemba n'kuikankhira kutali, pafupi penipeni ndi mitsempha yoopsa ija. Wophunzira amaopa, ndipo mantha akewo ndi omveka. Amasenda pang'ono, malo amachepa, ndiye amadula meshi kuti ikwane kapena amaisiya itapindika m'munsi. Akatulutsa mpweya, nembanemba imabwerera n'kulowa pansi pa mpendero wa meshi, n'kuipinda ngati mphasa. Nthawi zina amasiya kachigamphu ka mafuta m'kanjira kaja osakaona. Wodwala amadzuka bwinobwino, timabala titatu tating'ono, mawa lake ali kunyumba akuyamikira. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, chotupa chija chabwerera. Chikomekome cha mkuyu. Ndipo ngati wodwalayo wapita kuchipatala china, dokotala woyamba sadzamva n'komwe kuti ntchito yake inaphwasuka.

Umboni wodziwika kwambiri unatuluka mu 2004 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Leigh Neumayer ndi anzake anatsatira amuna pafupifupi 2,000 m'zipatala 14 za asilikali opuma ku America, ena atachitidwa ya kamera, ena yong'amba yoika meshi, posankha mwamaere. Patatha zaka ziwiri, heniya inabwerera mwa 10.1 peresenti ya a kamera ndi 4.9 peresenti ya ong'ambidwa. Njira yatsopano, yokwera mtengo, inagonja kawiri. Koma atagawa madokotala malinga ndi zimene anachitapo kale, nkhani inasintha. Kwa amene anali atachita maopaleshoni a kamera oposa 250, heniya inabwerera mwa odwala pafupifupi 5 pa 100, mofanana ndi njira yong'amba. Kwa osafika 250, inapitirira 10 pa 100. Pa njira yong'amba kusiyana kotere sikunaoneke. Chiwerengero cha 250 tisachitenge ngati lamulo, poti madokotalawo ankadzinenera okha kuchuluka kwa maopaleshoni awo, ndipo kugawaku kunachitika kafukufuku atatha. Komabe uthenga wake unamveka dziko lonse.

Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2009 anaonetsa zomwezo mwanjira yochititsa nthumanzi. Pa amuna pafupifupi 1,500, patatha zaka zisanu heniya inabwerera mwa 3.5 peresenti ya ochitidwa TEP ndi 1.2 peresenti ya ochitidwa njira ya Lichtenstein. Atafufuza anapeza kuti dokotala mmodzi yekha ndiye anali mwini wa gawo limodzi mwa magawo atatu a heniya zonse zobwerera za gulu la TEP. Atachotsa odwala ake, chiwerengero chinatsika kufika 2.4 peresenti. Munthu mmodzi anaipitsa mbiri ya njira yonse. Odwala ake analowa m'chipatala chovomerezeka, m'dziko lolemera, pa makina ofanana ndi a anzawo.

Nanga ndi maopaleshoni angati kuti dzanja likhazikike? Malangizo a padziko lonse a gulu la HerniaSurge, omwe anatuluka mu 2018, amati pamafunika pafupifupi 100 ochita moyang'aniridwa kuti zotsatira zifanane ndi za njira yong'amba yoika meshi, ndipo malangizo a ku Ulaya a m'mbuyomo ankati oyambirira 30 mpaka 50 ndiwo ovuta kwambiri. Tiwerengere limodzi. Dokotala wochita awiri pamwezi afika 100 patatha zaka zinayi ndi miyezi iwiri, ndipo 250 patatha zaka zoposa khumi. Wochita asanu pamlungu afika 100 m'miyezi isanu. Woyambayo ali ndi vuto linanso: pakati pa opaleshoni ndi inzake manja amaiwala. Kaundula wamkulu wa heniya wa ku Germany wotchedwa Herniamed anapeza kuti odwala a madokotala ochita osafika 25 pachaka heniya zawo zinkabwerera kawirikawiri kuposa a madokotala ochita ambiri, ngakhale kusiyanako kunali kochepa.

Apa pali msampha umene ife Amalawi timagwamo mosavuta, chifukwa timalemekeza imvi. Zaka pantchito si chimodzimodzi ndi kuzolowera njira imeneyi. Gulu la Neumayer lomwelo linapezanso kuti madokotala a zaka 45 kupita m'tsogolo amene anali asanazolowere kamera anali ndi heniya zobwerera zambiri kuposa achinyamata osazolowera anzawo. Dalaivala wa zaka 30 m'misewu ya m'tauni ya Lilongwe ndi katswiri, koma pa Chiweta ndi lole yodzaza ine ndikwera ya mnyamata amene amatsika phirilo kawiri pamlungu. Ku Michigan mu 2013, John Birkmeyer anapempha madokotala 20 kuti apereke mavidiyo a opaleshoni yawo ya kamera, ya mtundu wina, yochepetsa chifu. Madokotala anzawo anapereka malikisi osadziwa mwini vidiyo. Odwala a madokotala a malikisi otsika anakumana ndi mavuto 14.5 peresenti, a malikisi apamwamba 5.2 peresenti. Luso linkayendera limodzi ndi kuchuluka kwa maopaleshoni pachaka, pamene zaka pantchito sizinaonetse kanthu.

Wina anganene kuti, ngati aliyense akana wophunzira, katswiri adzachokera kuti? Funso lachilungamo. Katswiri aliyense anali ndi wodwala wake woyamba. Yankho lagona pa mawu aja akuti "moyang'aniridwa". Wophunzira akakhala ndi katswiri pambali pake, womuuza kuti senda apa, ima pamenepo, meshiyo yapindika, zotsatira za wodwala zimayandikira za katswiriyo. Kuyeserera pa zidole ndi mabokosi ophunzirira kumathandizanso: kuchipatala cha Mayo Clinic ku America mu 2011 anaonetsa kuti ophunzira amene anayamba ayeserera TEP mpaka kuikhoza ankamaliza msanga ndiponso ankalakwitsa pang'ono atafika pa munthu. Choopsa ndi dokotala amene wapita kumaphunziro a masiku atatu kunja, wabwera ndi satifiketi, makina agulidwa, n'kuyamba yekha popanda womuyang'ana.

Ndipo si dokotala yekha. Kamera imagwiridwa ndi munthu wina, ndipo wogwira mosadziwa amachititsa katswiri kukhala ngati wakhungu. Pamafunika wogonetsa wodziwa mmene mpweya wa m'mimba umasinthira kapumidwe ndi kuthamanga kwa magazi, namwino wodziwa kutsuka ndi kulumikiza zida zosachedwa kuwonongeka, silinda ya mpweya yosatha pakati pa ntchito, ndi magetsi osazima kapena jenereta yoyaka nthawi yomweyo. Pong'amba magetsi akathima, tochi imapulumutsa. Pa kamera sikirini ikada, dokotala saona chilichonse pamene zida zili m'mimba mwa munthu.

Tibwere kwathu. Chipatala chachikulu cha Mzuzu ku Luwinga, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Madokotala a opaleshoni m'dziko muno ndi ochepa, ngakhale kuti yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi bungwe la madokotala a opaleshoni la COSECSA akuphunzitsa ena chaka ndi chaka. M'zipatala za maboma ndi za mishoni, heniya zambiri amachita ndi ma clinical officer, mwa njira yong'amba. Ena amaona ngati zimenezi n'zongogwirizira poti tilibe pogwira. Koma taonani zimene anapeza ku Sierra Leone mu 2021. Amuna pafupifupi 230 anagawidwa mwamaere pakati pa madokotala ndi azachipatala a mlingo wofanana ndi ma clinical officer athu, onse ataphunzitsidwa njira yoika meshi. Patatha chaka, heniya inabwerera mwa munthu mmodzi kumbali ya azachipatalawo ndi anthu 7 kumbali ya madokotala. Mfundo ndi yomwe ija ya ku America ndi ku Sweden, yangovala malaya ena: dzanja lozolowera ntchito yakutiyakuti limaposa udindo wa papepala. Ngakhale pa meshi, kafukufuku wa kum'mawa kwa Uganda wa mu 2016 pa amuna 302 anaonetsa kuti ukonde wotchipa wa mtundu wa neti ya udzudzu, wopanda mankhwala ndiponso wophikidwa bwino kuchipatala, unagwira ntchito mofanana ndi meshi ya kufakitale ya madola oposa 100. Malangizo a HerniaSurge nawonso amati kumene zipangizo n'zochepa, njira ya Lichtenstein ndi yoyenera.

Palinso china. Heniya zambiri kuno zimafika kuchipatala mochedwa, zitakula mpaka kutsikira m'thumba la mavalo, munthu atakhala nazo zaka akumanga ndi nsalu. Zoterezi ndi zimene zimavuta kwambiri pa kamera, moti ngakhale akatswiri ambiri amasankha kung'amba. Munthu amene anachitidwapo opaleshoni yaikulu m'munsi mwa mimba, kapena amene mtima ndi mapapo ake sangapirire tulo tofa nato, nayenso yong'amba imamuyenera.

Alipo amene kamera imawakomera kwenikweni, ngati katswiri alipo. Wa heniya mbali zonse ziwiri amakonzedwa kamodzi kudzera m'timabowo tomwe tija. Amene anang'ambidwa kale heniya n'kubwerera, kamera imadzera kuseri kumene kulibe zipsera. Amayi nawonso, chifukwa mwa iwo mumabisala kawirikawiri heniya ya pamwamba pa ntchafu, yomwe imakola matumbo msanga ndipo imaoneka bwino kuchokera m'kati. Kwa anthu amenewa, ulendo wofunafuna dokotala wozolowera kamera uli ndi phindu. Kwa bambo wa heniya yoyamba, mbali imodzi, njira ziwirizi zikachitidwa ndi odziwa zimafanana pa nkhani ya kubwerera.

Tsono kufunsa. Ife kufunsa dokotala timakuona ngati mwano, timangoti "chabwino adokotala" n'kutuluka. Koma safunsa anadya phula, ndipo pali njira yofunsira mwaulemu. "Pepani adokotala, njira imeneyi mumaichita kangati pamwezi?" Funsani ngati adzachite ndi iwo eni kapena wophunzira, ndipo ngati ndi wophunzira, ndani adzaime pambali pake. Funsani zimene amachita zikavuta pakati pa ntchito. Woyankha kuti amasiya kamera n'kung'amba akunena zoona, ndipo kuteroko ndi nzeru, si kulephera. Funsani ngati amawaonanso odwala awo pakatha chaka, chifukwa wonena kuti heniya zake sizibwerera koma sawaonanso odwalawo akungoganiza. Dokotala wodzidalira sakwiya ndi mafunso otere. Amene akupita ku India, ku Tanzania kapena ku South Africa awonjezere limodzi: zikavuta nditabwerera ku Mzuzu, adzandiona ndani?

Pamene mukudikira tsiku lanu, dziwani chizindikiro chimodzi chosafuna kukambirana. Chotupa chikauma, chikupweteka kwambiri, chikukana kubwerera, munthu akusanza, mimba yatupa ndipo mpweya kapena chimbudzi sizikutuluka, ndiye kuti matumbo akoledwa ndipo angafe m'maola ochepa. Pamenepo musadikire ndalama za ku Joni kapena kucha kwa tsiku. Thamangani kuchipatala chapafupi chomwe chili ndi fiyeta.

Amalume anapita ndi mafunso awo atalemba kuseri kwa risiti. Amene anawaona anaseka atamva funso loyamba, n'kunena kuti heniya amachita mlungu uliwonse ndipo anasiya kale kuwerenga. Yawo inali ya mbali imodzi, yoyamba, itayamba kale kutsika. Anasankha yong'amba yoika meshi, ndi jakisoni wa pamsana. Madzulo ake anaimbira mwana wawo ine ndili pomwepo. "Ndalamazo tumiza ndithu mwanawe," anatero, "koma zigule ufa ndi kulipira lendi milungu imene njinga ikhale itatsamira khoma."